Ndemanga: kosi yaulere ya ku Yale ya Introduction to Theory of Literature (nyenyezi 4 mwa 5)

Kosi iyi ili pa tsamba la Open Yale Courses, lomwe yunivesite ya Yale ya ku America inatsegula mu 2007 kuti aliyense aziona maphunziro ake osalipira kalikonse. Simulembetsa dzina ndipo safunsa pasiwedi. Amene akuphunzitsa ndi Pulofesa Paul Fry, ndipo anawajambula ali m'kalasi mwenimweni mu 2009. Maphunziro alipo 26, lililonse limatenga mphindi pafupifupi 50. Ine ndayitsatira semesita yathayi limodzi ndi kosi ya Literary Theory yomwe tikuchita pa koleji pathu, ndipo ndikulembera makamaka anzanga amene mutu umawazungulira akangomva dzina la Derrida, woganiza wa ku France wodziwika ndi zolemba zovuta kumva.

Za data musadandaule kwambiri. Phunziro lililonse lili ndi vidiyo, mawu okha omvera, komanso zonse zimene a Fry ananena zolembedwa liwu ndi liwu. Ine ndinkatsitsa mawu omverawo pa Wi-Fi ya ku laibulale, n'kumamvera madzulo kwinaku ndikutsatira zolembedwazo pafoni. Vidiyo sindinaifune kwenikweni chifukwa bambowa nthawi zambiri amangolankhula, pa bolodi amalemba mwa apo ndi apo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kabuku ka ana kamene a Fry amabwererako mobwerezabwereza. Ndi kankhani ka galimoto yokoka magalimoto anzake akatitimira. Tsiku lina nayo inatitimira. Galimoto ina inakana kuithandiza poopa kuda, ina inati yatanganidwa, kenako kunabwera kagalimoto kena kamene kanaikankha mpaka kuichotsa. Nkhani yake ndi yomweyi basi, mwana wa Sitandade 2 akhoza kuitsiriza. Koma a Fry amaitenga n'kuonetsa zomwe wotsatira Marx angaone m'menemo, za ogwira ntchito ndi odzimva, kenako zomwe wotsatira Freud angaone, kenako wongoyang'ana kamvekedwe ndi kubwerezeka kwa mawu. Apa m'pamene ndinamvetsa bwino kuti magulu a oganiza amenewa sasiyana buku, amasiyana funso limene amabwera nalo ku bukulo. Ndisanaone zimenezi, maina a oganiza ngati Saussure, Barthes ndi Foucault ndinkangowaloweza kuti ndikhoze mayeso.

Phunziro lina limene linandikhalira m'mutu ndi lomwe amafotokoza mmene Claude Lévi-Strauss, katswiri wa ku France wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anagawira nthano yachigiriki ya Oedipus m'tizigawo, n'kutiika m'mizere kuti aone zimene zikutsutsana mkati mwake. Usiku womwewo ndinatenga pepala n'kuyesa njirayo pa nthano za Kalulu ndi Fisi zomwe agogo ankatiuza: wamng'ono ndi wamkulu, nzeru ndi dyera, mudzi ndi thengo. Zinatheka ndithu, ndipo chimangirizo changa cha semesitayi chinabadwira pamenepo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri, ndipo chachiwiricho chimandikhudza kwambiri.

Choyamba n'chakuti mumangomvera. Yale imanena poyera kuti pa tsambali sapereka satifiketi kapena magiredi, ndipo palibe woti mumufunse funso kapena kukuchongerani ntchito. Chimangirizo chija nditachipereka kwa aphunzitsi athu, anachibweza chitadzaza inki yofiira. Anandionetsa kuti ndasiya nyimbo ya pakati pa nthano, ija omvera amayankha, komanso “tilitonse” amene amapangitsa kuti nthano ikhale ya anthu onse amene akhala pamenepo. Anati ndayesa nthano ngati kuti inabadwira papepala. Tinakambirana nthawi yaitali muofesi mwawo ndipo ndinalembanso theka la ntchitoyo. Kulemba ndikuphunzirira pamenepo, kwa munthu amene wawerenga chiganizo changa n'kundiuza pamene chapunduka. A Fry anandipatsa zida, koma sadzaona chimene ndapanga nazo.

Chachiwiri n'chakuti kosiyi inakonzedwera ophunzira a ku New Haven, mzinda umene kuli Yale, ndipo zitsanzo zake zambiri ndi za ku Ulaya ndi ku America. Phunziro la maganizo okhudza zolemba za maiko amene analamulidwa ndi atsamunda lilipo limodzi, lokamba za Edward Said ndi Homi Bhabha, ndipo ndi labwino. Koma miyambi, zilapi, nyimbo za pamtondo kapena za kudambwe simuzipezamo. Mkangano woti mlembi wa mu Africa alembe m'chilankhulo chanji, umene ife umatitengera masabata m'kalasi, kosiyi siikhazikikapo. Izi muzifunefune kwa aphunzitsi anu ndi m'laibulale yanu.

Chingerezi chake n'cholemera, ndipo maphunziro awiri a Deconstruction, njira yowerengera zolemba imene anayambitsa Derrida, amafuna kumvera mofatsa, cholembera chili m'manja. Kwa amene mukuchita Literature chaka chachiwiri kapena chachitatu ndikuilimbikitsa ndi mtima wonse: muziyamba mwawerenga zimene aphunzitsi anu akupatsani, kenako mumvere a Fry pa mutu womwewo musanapite m'kalasi. Amene simunayambe mwalawako Theory, yambani ndi maphunziro awiri oyambirira, makamaka lachiwiri lofunsa kuti mlembi ndi ndani kwenikweni, muone ngati liwiro lake mungalikwanitse.