Chitseko cha galaja chinakana kutseguka, amisiri awa anapeza vuto lenileni

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5 kwa amisiri okonza mageti ndi zitseko za magalaja amene anatithandiza kuno ku Lilongwe, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nkhani ya nthawi basi, pa ntchito yeniyeniyo ndilibe dandaulo. Ndinadikira kaye miyezi ingapo ndisanalembe fukwa zinthu zambiri zimaoneka bwino tsiku lokonzalo koma sabata isanathe mwabwerera pomwe munali.

Chitseko chathu ndi chija cha mapanelo chimakwera nkukagona kunsi kwa siling'i, mota yake ya 24V yokhala ndi mabatire mkati, tinachipeza kale polowa mnyumbamu. Chimachita chonchi, ukadina rimoti mota imalira bwinobwino, chitseko nkudzuka masentimita ochepa kenako nkuima, getsi la pa mota nkumangophethira, galimoto ili mkati ana akudikira kupita kusukulu. Munthu woyamba amene tinamuitana anangomvetsera kulirako ali chiimire nkuti mota yatha iyi gulani ina, osakwera nkomwe pa makwerero. Ndipo mukudziwa mmene katundu wochokera ku South Africa anakwerera mtengo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023, nde mota sichinthu chongothamangira kugula wina atangoloza ndi chala.

Abambo amene anabwera kachiwiriwa motayo sanayambe aigwira. Anandifunsa kuti, "Mayi, masiku apitawa simunamveko chiphokoso chachikulu mgalajamu, ngati chitsulo chaduka?" Ndipo tinamvadi usiku wina, tinatuluka kuzungulira nyumba osaona kanthu. Anandilowetsa kudzera khomo la kukhitchini nkuwalitsa tochi pamwamba pa chitseko pomwe pali chitsulo chachitali chopingasa, pamenepo pali ma spring awiri okulungidwa, ya kumanzere inali itaduka pakati mpata wake wolowa zala zitatu. Akuti chimene chimanyamula chitseko ndi spring, mota ntchito yake ndi kungokoka ndi kukankha chinthu chopepuka kale, nde spring ikaduka kulemera konse kumagwera mota, iyo imaona ngati chitseko chagunda chinachake nkuima yokha kuti isathyole magiya. Ndiye kuti mota yathu imachita zomwe inapangidwira. Tikanagula yatsopano bwenzi ikuimanso pomwepo, ndalama zitapita.

Chomwe chinandisangalatsa nchoti sanabise nzeru, amafotokoza akugwira ntchito. Spring wamba akuti imapangidwa kuti itsegule ndi kutseka ka 10,000, ngati mumatsegula kanayi patsiku ndi zaka pafupifupi 7, koma kwathu kuno ana amalowera kugalaja komweko akaweruka kusukulu nde imatha msanga. Siiduka chifukwa wina walakwitsa, imangotopa.

Ngakhale anali atapeza kale vutolo anayendabe monse kuti pasatsale china chobisala. Anayesa batani la pakhoma kaye, akuti pakhoma pakatseguka koma rimoti ikukana musavutike, ndi kabatire ka mu rimoti, kaja ka 23A kapena kozungulira ka CR2032 kutengera mtundu wake, mumagula nokha mtauni. Anaona soketi ndi breaker ku DB, bokosi lija logawa magetsi mnyumba, anaona ngati loko wa pamanja wa chitseko sanatsekedwe poti ena amakhoma popita kumudzi nkuiwala. Tima sensor toona ngati pakhomo pali chinthu, ta mmunsi mbali ziwiri za khomo, anangotipukuta nkunena kuti ito timaletsa chitseko kutseka osati kutseguka, nde chikamakana kukwera musataye nthawi pamenepo. Pa mabatire mpomwe anapeza vuto lachiwiri. Muli awiri a 12V olumikizana, lodzadza bwino likuyenera kuonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono pa mita, athu limodzi limaonetsa bwino likangokhala koma mota ikangoyamba kukoka manambala amagwa pompo. Akuti kuthimathima kwa magetsi kumapha mabatire amenewa chifukwa akamaphwa mpaka pansi kawirikawiri sabwereranso mwakale. Anasintha onse awiri, osati limodzi.

Kutulutsa galimoto kunali kwa mtima m'mwamba. Anakoka kachingwe kofiira kamene kamamasula chitseko ku mota, chitseko chili chotseka, kenako anyamata awo awiri ndi iwo anachinyamula ndi manja mpaka pamwamba nkumanga ma vice grip pa njanji mbali zonse kuti chisatsike, mkuti ndikutulutsa galimoto iwo atachigwirabe. Apa ndikupemphani ndithu, spring ikaduka chitseko chili m'mwamba musakoke kachingwe kameneko, palibe chochigwira chimagwa chonse ndi kulemera kwake, pansipo pakakhala mwana ndi maliro.

Tsopano dandaulo langa. Spring ya saizi yathu analibe, anayeza kunenepa kwa waya, kukula kwa mkati ndi kutalika kwake nkuitanitsa ku Johannesburg kuti ibwere pa basi, zimenezo ndinamvetsa, sivuto lawo. Koma tsiku lomwe analonjeza linadutsa osandiuza kanthu, ndikaimba foni osayankha, pa WhatsApp uthenga awerenga koma zii, galimoto ikugona panja usiku uliwonse ine tulo osabwera. Ndikanangouzidwa kuti mayi katundu wachedwa pa boda dikirani, sindikanadandaula. Atabwera anapepesa koma zinandiwawa, munthu amene wapereka kale theka la ndalama amafunika kumuuza zomwe zikuchitika.

Anandiuzanso kuti tisinthe ma spring onse awiri ngakhale inayo inali yosaduka, poyamba ndinaona ngati akufuna kukweza bilu koma anati awiriwa anaikidwa tsiku limodzi agwira ntchito yofanana, inayo yatsala pang'ono, mudzandilipiranso kubwera kachiwiri. Ndinavomera ndipo ndikuona kuti ananena zoona.

Tsiku loika ndinakhala pompo kuonerera. Anajambula mzere wa choko pa spring yatsopano kuchokera uku mpaka uko, nkutenga zitsulo ziwiri zolimba zopangidwira ntchito yomweyo, kulowetsa chimodzi pa kabowo ka kumapeto kwa spring, kukweza, kulowetsa chinacho, kuchotsa choyamba, akuwerenga mokweza, mutu atauika pambali osati kutsogolo kwa chitsulo. Mzere wa choko uja umapotoka pang'onopang'ono nkumazungulira spring, ndipo akuti ndi mmene amatsimikizira kuti mbali zonse zazungulira mofanana. Pa chitseko chotalika mamita 2.1 kupita m'mwamba ngati chathu anakweza zitsulozo pafupifupi ka 30 mbali iliyonse. Mnyamata wawo atafuna kuyandikira anamukalipira kuti aime kutali, akuti anthu amathyoka zala ndi nsagwada pogwiritsa ntchito screwdriver m'malo mwa zitsulozo. Ine ntchito imeneyi sindingalole mwamuna wanga kapena wina aliyense wa pakhomo pano aiyese ataonera pa YouTube.

Atamaliza anandiuza kuti ndinyamule ndekha chitseko mota isanalumikizidwe, ndinachikweza ndi dzanja limodzi mpaka mchiuno nkuchisiya, chinaima pomwepo osatsika osakwera. Akuti muziyesa chonchi mwa apo ndi apo, chikayamba kulemera kapena kutsika chokha muitane anthu mota isanavutike. Kenako anakonzanso malire a pomwe mota imaima, anagoneka thabwa pansi nkutseka, chitseko chitangoligunda chinabwerera m'mwamba chokha.

Anachotsanso girizi yense amene anapakidwa mu njanji, akuti ndi fumbi la Lilongwe la mu September ndi October girizi amasanduka phala lolimba timawilo nkumakakamira, njanji imafuna kupukuta basi, mafuta opopera apite pa timawilo, mahinjesi ndi spring. Anatilangiza kuika surge protector pa soketi ya mota mvula isanayambe chifukwa cha ziphaliwali, tinaika. Risiti analemba chilichonse pachokhapachokha, ma spring, mabatire, ntchito, ndipo zakale zonse anatisiyira kuti tione kuti asinthadi.

Panopa chitseko chikuyenda mwakachetechete kuposa mmene tinachipezera, magetsi akathima chimatsegukabe pa batire. Ndingawaitanenso ndipo ndawatumizira kale anzanga awiri a mageti, koma mukamapangana nawo funsiranitu ngati katunduyo ali naye pompo kapena ngoitanitsa, ndipo tsiku alilembe pa pepala. Amene galaja yanu ilibe khomo lina lolowera afunseni akuikireni kaloko ka panja komasulira chitseko ku mota, ife tinalowera kukhitchini koma pakanapanda khomo limenelo akuti bwenzi titaboola panelo.