Laputopu yokhalitsa m'kabati: mmene Ubuntu 24.04 yayendera patapita miyezi

Miyezi ingapo yapitayo ndinaika Ubuntu 24.04 LTS (sisitimu yoyendetsa kompyuta ngati Windows; LTS ndi mtundu wake wothandizidwa nthawi yaitali) pa laputopu yakale imene ndimayatsa mwa apo ndi apo, posunga zithunzi ndi kusindikiza mapepala. Laputopuyi siyokwanira kulandira Windows 11, ndipo chithandizo cha Windows 10 chinali choti chitha pa 14 Okutobala 2025. Chimene ndinkafuna kudziwa n'chakuti kompyuta yotha masabata ili chizimire ingakhalebe yotetezeka kapena ayi.

Ingathe ndithu, koma mwini wake akamaikumbukira.

Mu Ubuntu muli kapulogalamu kotchedwa unattended-upgrades, kamene kamalowetsa kokha ma update a chitetezo. Kamagwira bwino ntchito, sindinakapezepo vuto. Koma kamagwira pokhapokha kompyuta itayaka ndipo ili pa intaneti. Ndiye tsiku loyatsa, zonse zimene zinaunjikana zimabwerera pamodzi. Fani imayamba kulira, ndipo mukalemba sudo apt upgrade, lamulo lolowetsera ma update pamanja, mumauzidwa kuti mudikire chifukwa pulogalamu ina yatsekera kale. Musaidule, ndi kapulogalamu komweko kali kalikiliki. Kasiyeni kamalize.

Nthawi imene imandidetsa nkhawa ndi mphindi zoyambirirazo. Munthu wayatsa ali pachangu, akufuna kutsegula imelo kapena akaunti ya kubanki, pomwe bulawuza yake idakali ndi mipata yolowera mavairasi imene ena anatseka kalekale. Tisaiwale za vairasi ya WannaCry: Microsoft inatulutsa chotsekera mpatawo mu Malichi 2017, ndipo vairasiyo itabuka mu Meyi chaka chomwecho inagwira makompyuta amene anali asanachilowetse. N'chifukwa chake ine ndimayatsa kamodzi pamwezi ngakhale ndilibe nayo ntchito. Ndimailumikiza kumagetsi, kudikira ma update athe, kenako kuiyambitsanso kuti kernel yatsopano, mtima wa sisitimu, iyambe kugwira. Bulawuza imatsegulidwa pambuyo pake.

Chimene sindinkayembekezera ndi nkhani ya wotchi. Tsiku lina ma update anakana kulowa, uthenga wake ukunena kuti fayilo ya mndandanda wa mapulogalamu sinafike nthawi yake. Poyang'ana pakona ya sikirini ndinapeza deti labwerera zaka zingapo m'mbuyo. Kabatire kakang'ono kozungulira ka mkati, kamene nthawi zambiri kamakhala CR2032, kanali katatha mphamvu. Kameneka ndi kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima, ndipo deti likasokonekera masatifiketi a chitetezo amaoneka ngati olakwika. Nditakonza deti zonse zinalowa, ndipo nditasintha kabatireko vutolo silinabwerenso.

Pa kusankha LTS sindidandaula m'pang'ono pomwe. Mtunduwu umatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo ndipo umathandizidwa zaka 5, choncho 24.04 ifika mpaka 2029. Mitundu yapakatikati imathandizidwa miyezi 9 yokha. Ku kompyuta yoyaka kamodzikamodzi, miyezi imeneyo imatha musanazindikire, n'kupeza kuti mukufunika kusintha sisitimu yonse tsiku limene mumangofuna kusindikiza pepala limodzi. Masisitimu ena osintha mosalekeza ngati Arch ndi abwino kwa amene amayatsa tsiku lililonse. Kompyuta yotere ikagona nthawi yaitali, makiyi otsimikizira mapulogalamu amatha kukalamba, ndipo muyenera kuyamba mwakonza amenewo musanalowetse china chilichonse.

Pobwezera laputopu m'kabati, batire lalikulu ndimalisiya lili pafupifupi theka, chifukwa mabatire a lithium amawonongeka msanga akakhalitsa ali odzaziratu kapena atatheratu.