Power station ya 1,000Wh ndi sola ya 200W: mmene zinandigwirira ntchito ku Chiawa

Bokosi ili ndinaligula chaka cha 2024 nthawi ija madzi anaphwa ku Kariba malaiti n'kumazima mpaka maola 20 pa tsiku, ndiye cholinga choyamba sichinali kampu ayi, chinali choti ana aziwerengako usiku kunyumba kwathu ku Chilenje komanso router isamazime. Koma chimene chandipangitsa kulemba ndi ulendo wa masiku 4 umene tinapita kukawedza ku Chiawa mwezi wa Okutobala, ine, alamu anga ndi amalume, chifukwa kumeneko ndi kumene ndinalidziwa bwino bokosi limeneli, zabwino zake ndi zoipa zake zomwe.

Kwa amene simunazionepo, ndi batire ya lithiamu mtundu uja wa LiFePO4 imene anaiika m'bokosi limodzi ndi invata (imene imasandutsa moto wa batire kukhala wa 230V ngati wa m'nyumba), chaja ya sola ndi masoketi onse, la 230V, la 12V ngati la m'galimoto lija ndi a USB. Langa ndi la 1,000Wh pang'ono kupitirira (Wh ndi muyeso wa moto umene batire imasunga), kulemera kwake makilo 12 chabe, umanyamula ndi dzanja limodzi. Ndinagula pa shopu ina ku Kamwala pamodzi ndi panelo yopinda ya 200W, ndipo chinthu choyamba ndikupempheni ndi ichi, onetsetsani kuti pabokosi palembedwa 230V 50Hz osati 110V, chifukwa pali ena amene anapangira ku America ndipo anthu akuitanitsa okha pa intaneti n'kudzalira pambuyo.

Filiji inali nkhani yaikulu paulendowu, osati chifukwa cha zoziziritsa kukhosi ayi. Amalume ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulin tsiku lililonse, ndipo insulin yosatsegula imafuna kukhala pa madigiri 2 mpaka 8, ngakhale yotsegula kale sifuna kutentha kopitirira 30. Manje inu mukudziwa kuti ukangotsika mapiri aja a njira ya ku Chirundu kutentha kumasintha, Lusaka ili pamwamba mamita oposa 1,200 pomwe kuchigwa cha Zambezi ndi pafupifupi 400, ndiye Okutobala kumeneko masana kufika 40 ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mankhwala amenewo kuwasiya m'chikwama m'tenti ndiye kuti mwawataya. Azakhali anatiuziratu pachipata kuti mukandibweretsera munthu wanga ali wofooka musadzapondenso pano, ndiye mtolo wonsewo unali pamutu panga.

Usiku woyamba ndinalakwitsa ndekha. Tinafika madzulo bokosi lili pa 100 peresenti, ndinalumikiza filiji ku soketi ya 230V monga timachitira kunyumba, mafoni anayi pa chaja, mababu awiri a LED, n'kugona. Kudzuka m'mawa cha m'ma 5 kuyang'ana pa sikirini ndinapeza 22 peresenti, mtima unangoti phwii. Filiji yathu ndi ija ya kampu ya kompuresa, imadya pafupifupi 45W ikamalira ndipo simalira nthawi yonse, ndiye masamu anga sankagwirizana ndi zimene ndikuonazo. Chimene ndinaiwala ndi chakuti invata ikakhala yoyaka imadya yokha moto ngakhale filiji itapuma, kenaka moto wa batire ukusandulika 230V, adaputa ya filiji n'kuubwezanso ku 12V, paliponsepo ukutayika wina. Tsiku lachiwiri ndinazimitsa mbali ya 230V yonse n'kulumikiza filiji ndi waya wake wa 12V, m'mawa wake ndinapeza 48 peresenti. Zinthu zomwezo, usiku wotalika chimodzimodzi. Wa pashopu sanandiuze zimenezi, iye ankangotama kuti bwana iyi ndi ketulo yomwe imayatsa, ayironi yomwe.

Za ketulozo tiyeni tikambirane pang'ono chifukwa anthu akunamizidwa kwambiri. Ketulo yamagetsi imafuna 2,000W kapena kuposa, mabokosi ambiri a saizi iyi invata yake siifika pamenepo ndiye amangodzizimitsa, ndipo ngakhale litakwanitsa, kuwiritsa lita imodzi ya madzi kumadya 100Wh ndi kupitirira, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a batire yonse lapita pa tiyi wa anthu atatu. Ife tinanyamula mbaula ndi thumba la malasha, nsima, tiyi ndi nsomba zonse zinapsa pamenepo. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa, sitovu, ayironi, hita, chisiyeni kutali ndi bokosi limeneli.

Panelo ndiye inandiphunzitsa zambiri. Palembedwa 200W koma ine nambala imeneyo sindinaionepo, pamwamba penipeni ndinaona 152W cha m'ma 11 koloko, ndipo si kuti anandibera ayi, 200W ija amayezera panelo ili pa madigiri 25, ikatentha mphamvu imatsika pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye tangoganizani panelo yakuda ili padzuwa la kuchigwa yotentha moti suyigwira ndi dzanja. Onjezerani fumbi ndi utsi wa lupsa umene umadzaza kumwamba miyezi imeneyi, tsiku lachitatu kunja kunachita chimbuuzi dzuwa kumangooneka ngati lalanje ndipo sikirini inakakamira pa 90W mpaka masana. Tsiku lina alamu anatenga kansalu konyowa n'kupukuta panelo, nambala inakwera pamaso pathu kuchoka 118 kufika 133, kuyambira pamenepo inakhala ntchito yawo kawiri pa tsiku. Mthunzi nawo si wosewera nawo, kanthambi kamodzi kokha ka mtengo kataphimba ngodya imodzi mphamvu inagwa kwambiri ngati waphimba theka lonse, chifukwa timaselo tija tinalumikizana mondondozana, kamodzi kakatsekeka tinzake tonse timavutika. Ndipo poti tili kumwera kwa equator, mwezi wa Juni panelo mumaiweramitsa kuyang'ana kumpoto, koma kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo penipeni kuno kwathu ndiye ndinkangoigoneka pafupifupi chagada n'kumaitembenuza pang'ono m'mawa ndi madzulo.

Masamu a tsiku lonse anali chonchi, filiji pafupifupi 500Wh chifukwa cha kutenthako, mafoni, matochi ndi mababu zonse pamodzi mwina 120, kafani ka USB ka amalume usiku 30 kapena 40. Panelo pa tsiku labwino inkabweza 700 ndi pang'ono. Mukuona nokha kuti tinkangodya zimene tapeza tsiku limenelo, popanda chosunga chenicheni, tsiku lachimbuuzi lija tinagona ndi 61 peresenti m'malo mwa 90 ndipo ndinadzuka kawiri usiku kukayang'ana sikirini. Amalume anandimva ndikufwanthula panja n'kufunsa kuti, “Mphwanga, kodi ukulondera mankhwala angawo kapena ukusaka mvuu?” Ndinati gonani malume, zonse zili bwino, koma zoona zake ndinali ndawerengera kale kuti ikafika 15 peresenti ndikaliza galimoto.

Kuchajira pa galimoto kumathandiza koma musakudalire. Soketi ya ndudu ija imapereka 100W kapena pansi pang'ono, ndiye kuti kudzaza bokosi lopanda kanthu mukufunika maola 10 injini ikulira. Pa ulendo wochoka ku Lusaka kudzera ku Kafue mpaka Chirundu, makilomita pafupifupi 135, limangowonjezerako gawo lochepa, ubwino wake ndi wakuti filiji imayenda ndi moto wa galimoto bokosi n'kufika lodzaza.

Zimene sindinakonde ndi izi. Waya wa panelo amene anabwera m'katoni ndi wamfupi zedi, ndiye panelo ikakhala padzuwa bokosi nalo limakhala padzuwa, ndipo lithiamu salola kuchajidwa ikatentha kupitirira madigiri 45 kapena pamenepo. Tsiku lachiwiri cha m'ma 1 koloko linangosiya kuchaja lokha kachizindikiro kofiira kakuthwanima, ola lathunthu la dzuwa labwino linapita pachabe ife tili pamadzi osadziwa. Tinachita kulimangira kamthunzi ndi chitenje ndi timitengo, n'kuliika pamwamba pa kreti kuti lisakhudze mchenga wotentha. Nditabwerera ndinagula waya wowonjezera wa mamita 5 wa ma connector a MC4, aja olumikizira mawaya a sola, chinthu chimene wa pashopu akanandiuza tsiku lomwe ndinagula ndikanagulira limodzi. Kachiwiri fani yake ya m'kati imalira ndithu likamachaja mwamphamvu, masana palibe vuto koma m'tenti usiku simungalifune pafupi ndi mutu. Kachitatu silikondana ndi madzi ngakhale pang'ono, mabowo a mpweya ali pambali poonekera, ndiye amene mukufuna kupita nalo nthawi ya mvula ganizani kaye pokaliika. Apusi nawonso amakonda mawaya, m'modzi anakoka wa panelo mpaka kuigwetsa chafufumimba, mwamwayi pamchenga.

Alamu anali atanyamula kajenereta kawo ka petulo kaja amagwiritsa ntchito ku barbershop, ati sakhulupirira zinthu zopanda phokoso. Sikanatsike m'galimoto mpaka tsiku lachimbuuzi lija, tinakaliza mphindi 40 chabe madzulo, a mlonda a pakampupo n'kubwera mwaulemu kudzatipempha kuti tizimitse chifukwa anzathu a tenti ina akudandaula, ndipo sindinawaimbe mlandu, munthu wachoka ku Lusaka kuthawa majenereta a m'komboni kudzamva mvuu zikulira ndiye umuyatsire womwewo pakhutu. Komanso petulo m'chigubu pa kutentha kumeneko ndi nkhawa ina, ndipo utsi wake uli ndi carbon monoxide amene amapha munthu ali m'tulo ngati mwakaika pafupi ndi tenti.

Kale ndinkayenda ndi batire ya galimoto ya 100Ah ndi invata yotchipa. Papepala imeneyo ndi 1,200Wh, kuposa bokosi langali, koma batire ya asidi ukaitsitsa kupitirira theka umaipha msanga ndiye yogwiritsa ntchito ndi 600 chabe, makilo ake oposa 20 osanena, ndipo ya galimoto sanaipangire kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, yanga inafa isanathe miyezi 8. LiFePO4 opanga amailonjeza kuchajidwa ndi kutsitsidwa maulendo pafupifupi 3,000 isanafooke kufika 80 peresenti, langali lagwira ntchito pafupifupi tsiku lililonse la load shedding ija ndipo sindikuona kusintha. Mtengo ndiye wowawa, ndinalipira ndalama yoti ndikanagula mabatire a asidi angapo, ndinachita kudikira chilimba changa chifike.

Ngati mukupita ndi mafoni, tochi ndi kamera basi, musawononge ndalama, power bank yaikulu ya 20,000mAh ziwiri ndi kapanelo kakang'ono zikukwanirani. Koma ngati pali filiji, makamaka ya mankhwala a munthu, 1,000Wh ndiye poyambira ndipo 200W ya sola yandichepera. Insulin ya amalume inabwerera ku Lusaka ili yozizira bwinobwino, thermometer ya filiji sinapitirire 6 masiku onse anayi. Tikufuna kubwereranso usodzi usanatsekedwe pa 1 Disembala, ndipo panelo yachiwiri ndaika kale dipoziti, ndikukaitenga malipiro a mwezi uno akangolowa.