Mlatho wa Victoria Falls kapena wa Bloukrans: mupite pati?

Yonse ndi milatho yokhota ngati uta, pamwamba pa zigwa zakuya, ndipo ponseponse anthu amadumphapo atamangidwa chingwe kumiyendo.

Wa Victoria Falls ndi wachitsulo, unatha kumangidwa mu 1905 ndipo umalumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Wa Bloukrans ndi wakonkire, wa mu 1983, pa msewu wa N2 ku South Africa.

Kutalika: Victoria Falls mamita 128 kuchokera pa madzi a Zambezi, Bloukrans mamita 216.

Ulendo: wochokera ku Lilongwe amakwera basi kudzera Chipata ndi Lusaka mpaka Livingstone, tauni ya ku Zambia yomwe ili pafupi ndi mlatho wa Victoria Falls. Bloukrans ili kutali zedi, kupitirira Johannesburg, choncho thumba limapepuka kwambiri.

Zooneka: apa Victoria Falls ilibe mnzake. Umayenda wapansi pamlatho, njanji ili pambali, mathithi akulindima, ndipo mu Epulo nthunzi yamadzi imakunyowetsa malaya. Ku Bloukrans kuli nkhalango, kamtsinje kakuoneka ngati ulusi pansipo.

Opita ndi ana kapena agogo asankhe Victoria Falls. Wofuna kudumpha mpaka mtima kulumpha, makamaka amene ali kale ku Cape Town kapena Gqeberha (mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth), apite ku Bloukrans.