Tchalitchi cha St Mary's ku Fairford: nyenyezi zisanu, koma pitani masana

Ngati muli kufupi ndi dera la Cotswolds ku England, patukirani ku Fairford, katawuni ka m'mbali mwa mtsinje wa Coln ku Gloucestershire. Kunja kwake tchalitchichi sichikusiyana kwenikweni ndi zinzake za m'derali. Nkhani ili pa mazenera.

Alipo 28, ndipo palibe tchalitchi china cha parishi ku England chimene chinasunga magalasi akale ochuluka chonchi. Amene anamanganso tchalitchichi ndi John Tame, wamalonda amene analemera ndi ubweya wa nkhosa, ndipo chinadalitsidwa mu 1497. Magalasiwo anaikidwa m'zaka zotsatira, ndipo akatswiri amati ndi ntchito ya Barnard Flower, mmisiri wa magalasi wa Mfumu Henry VII. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anawachotsa n'kuwabisa, kenako anawabwezera.

Musamangoyang'ana uku ndi uku. Yambirani pa Hava ndi njoka, muzungulire motsatira nkhani, chifukwa anawasanja ngati Baibulo la anthu osadziwa kuwerenga. Atumwi 12 ayang'anizana ndi aneneri 12. M'mwamba, ofera chikhulupiriro ali mbali imodzi pamodzi ndi angelo, owazunza ali mbali inayo, ziwanda zili pamitu pawo.

Koma ine pondiimitsa panali pazenera lalikulu lakumadzulo, la Chiweruzo Chomaliza. Mikayeli wagwira sikelo, wavala zagolide. Kumanja m'munsi n'kofiira psu. Chiwanda chabuluu chikukankha munthu wina pawilibala kupita naye kumoto, chili phee ngati munthu amene akututa mchenga pa ganyu. Satana wake ali ndi mutu wonga wa nsomba komanso nkhope ina pamimba. Kunena zoona, mmisiriyu anasangalala kwambiri pojambula gehena kuposa kumwamba. Mbali yam'mwamba ya zenerali ndi ya m'zaka za m'ma 1800, ndipo mukayang'anitsitsa mitundu yake ikusiyana ndi yam'munsi.

N'chifukwa chake ndikuti masana: dzuwa likapendeka m'pamene zenerali limayaka. Kukachita mitambo, zambiri zimabisika. Tengani zoonera patali ngati muli nazo, popeza mazenera am'mwamba ali kutali ndi maso, ndipo foni siyiwajambula bwino. Juzi musaiwale, nyumba yamiyala imazizira ngakhale kunja kukutentha.

Ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero, choncho fufuzani kaye nthawi ya mapemphero, ndipo ponyaniko kangachepe m'bokosi la zopereka. Amene muli ndi ana, panja pali manda a Tiddles, mphaka wa patchalitchipo, ndipo anamusemera chifanizo chake pamwala.