Miyezi 14 chiikireni trip unit ya ilekitironiki pa buleka yathu yakale

Ndimayang'anira za magetsi pa kampani ina yaing'ono kuno ku Chipata, komwe timagaya unga ndi kufinya mafuta a mpendadzuwa. Mu Meyi 2024 tinachotsa zida zakale zogwetsera buleka yathu yaikulu, swichi imene imadula magetsi pakakhala vuto, n'kuikapo trip unit ya ilekitironiki, kabokosi kamene kamayeza magetsi n'kuilamula kuti igwe, koma buleka yeniyeniyo tinaisiya yomweyo. Anzanga a ntchito yomweyi ku Katete ndi ku Petauke akhala akundifunsa ngati ndalama ija inalowa m'madzi. Poyamba ndinkazemba kuyankha, paja chinthu chikadali chatsopano aliyense amachiyamikira. Tsopano kabokosika kaona dzuwa la Okutobala, kaona dzinja lonse, kaonanso kuthimathima kwa malaiti kwa 2024, ndiye ndingathe kulankhulapo.

Malaiti athu amachokera ku ZESCO, kampani ya magetsi ya dziko la Zambia, kudzera pa thiransifoma ya 500 kVA, imene pa 400V imapereka pafupifupi 720A ikasenza mokwanira. Buleka yaikulu ndi ACB (air circuit breaker, buleka yozimitsira moto wa magetsi mu mpweya) ya 800A, yakale kuposa anyamata onse amene ndimagwira nawo ntchito. Kagwetsedwe kake kanali ka makoilo okhala ndi timakapu ta mafuta kunsi. Magetsi akachuluka, koilo inkakoka chitsulo, mafutawo n'kumachichedwetsa kuti buleka isagwe mota ikamangoyamba kuzungulira. Nzeru yake ndi yabwino ndithu, koma mafuta amasintha ndi nyengo. Mu Juni kukazizira amalimba, buleka n'kumachedwa. Mu Okutobala, m'chipinda chathu chofolera malata chija, amasungunuka ngati madzi, ndiye inkagwa masana dzuwa lili pamutu popanda chifukwa chooneka. Kapu imodzi inkadontha, ndipo wina wake kalelo anathiramo oilo wa galimoto. Nthawi imene buleka imeneyi ikanagwera panalibe ankaidziwa, ngakhale ineyo.

Chimene chinkatipweteka kwambiri n'chakuti mota imodzi ikachita shoti, buleka yaikulu inkathamangira kugwa limodzi ndi ya motayo. Chigayo, makina ofinyira mafuta, mpope wa madzi, ofesi, zonse zii. Makina ofinyira akaima mpendadzuwa uli m'kati, nkheke imauma n'kugwira shafti, ndiye anthu awiri amathera theka la tsiku akukokota ndi zitsulo.

Kugula ACB yatsopano kukanafuna kudula ndi kupindanso mabasiba (zitsulo za kopa zonyamula magetsi mu panelo), kusintha chitseko cha panelo, ndi kuimitsa ntchito masiku angapo. Njira tinasankhayi inatenga Loweruka masana ndi Lamlungu. Anaika ma CT (tizipangizo toyezera magetsi oyenda mu waya) atatu pa mafezi, mawaya atatu a moto, ndi lachinayi pa nyutulo, kakoilo kakang'ono kamene kamamenya latchi yogwira buleka kuti imasuke n'kugwa, ndi kabokosi kokhala ndi sikirini pa chitseko. Kabokosika kamayeza magetsi n'kugamula m'njira zinayi zimene zimalembedwa L, S, I ndi G. L ndi katundu wochuluka amene amatenthetsa mawaya pang'onopang'ono, tinaika pa 0.9 ya 800A kuti ifanane ndi 720A ya thiransifoma. S ndi shoti imene kabokosi kamaidikira kamphindi, ife tinaika masekondi 0.2. I ndi shoti yoopsa yosadikirika. G ndi magetsi othawira ku ethi.

Masabata awiri oyamba ndinatsala pang'ono kuchita manyazi pamaso pa eni kampani. Cha m'ma 18 koloko, magetsi a panja akayaka ndipo mnyamata wowotcherera akalumikiza makina ake, buleka inkagwa, sikirini n'kulemba G. Tinayeza makebulo onse ndi mega, chida choonera ngati chikopa cha waya chabooka, onse abwinobwino. A mdala amene amayendetsa chigayo usiku anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amisiri, chakale chija chinali ndi ulemu. Ichi chikungodzigwera ngati mwana wophunzira kuyenda." Ndinalibe choyankha. Titaitanitsanso amene anaika, tinapeza kuti CT ya pa nyutulo anaitembenuza. Kabokosi kamaphatikiza magetsi a mafezi atatu ndi a nyutulo, ndipo zonse zikakhala bwino yankho limakhala ziro. CT ikayang'ana kolakwika, magetsi a nyutulo m'malo mochotsedwa amawerengedwa kawiri, ndiye katundu wa fezi imodzi akangokula kabokosi kamaona ngati kebulo yabooka. Kutembenuza mawaya awiri basi, vuto linatha. Amene mukuganiza zoika, musalole munthu kunyamula zikwama asanayese zimenezi katundu wa fezi imodzi ali pamoto.

Kuyambira pamenepo buleka yaikulu yagwa kanayi kokha, ndipo ulendo uliwonse inali ndi chifukwa. Apa ndi pamene ndaona phindu lenileni, loposa limene ankatiuza pogulitsa. Kale buleka ikagwa, ntchito inali yolosera. Munthu ankangoikweza, ikagwanso n'kuikwezanso, mpaka fungo la kupsa litamuuza kumene kuli vuto. Tsopano ndisanagwire chilichonse ndimawerenga kaye: yagwa ndi chiyani, fezi iti, ma amp angati.

Mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, anandiimbira cha m'ma 4 koloko m'mawa. Sikirini inalemba G, fezi yofiira. Sindinataye nthawi ndi mamota a m'kati mouma, ndinapita molunjika ku kebulo yopita ku nyumba yosungiramo mbewu, imene imadutsa mu ngalande. Titatsegula joini, madzi anatuluka ngati tatsegula botolo, ndipo khoswe anali atadya kale chikopa cha waya. Buleka yaing'ono ya kebuloyo sinamve kanthu, chifukwa magetsi othawawo sanafike poti n'kuigwetsa msanga. Ndi makoilo akale aja joiniyo ikanapitiriza kuphika mpaka kuyaka, pafupi ndi matumba a mpendadzuwa.

Sikirini yomweyo inandionetsanso chinthu chimene ndinakhala nacho zaka osachidziwa. Fezi yachikasu inkasenza kwambiri kuposa zinzake, chifukwa aliyense wobwera kudzawonjezera soketi kapena giza ankalumikiza pamene pali pafupi. Tinagawanso katunduyo Lamlungu lina. Nkhani ya masekondi 0.2 ija nayo inagwira ntchito. Mota ya 75 kW ya chigayo itapsa mu Novembala, inagwa ndi buleka yake yokha, makina a mafuta osadziwa n'komwe. Koma dziwani kuti kudikira kumeneku n'kogula. Shoti ikachitikira m'panelo momwemo, moto umayaka nthawi yonse imene kabokosi kakudikira, ndiponso buleka iyenera kukhala yopirira magetsi amenewo kwa nthawiyo. Onani nambala ya Icw, yosonyeza magetsi a shoti amene buleka ingapirire kwa kamphindi, pa chikwangwani chake musanapotokole chilichonse.

Chimene sitinachiganizire ndi chilala. Madzi atachepa mu 2024 ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, kuthima kwa malaiti kunakula mwezi ndi mwezi, kufika mu Seputembala tinkawaona maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zambiri usiku. Tinakhalira jenereta ya 250 kVA, ndipo apa panatuluka zinthu zitatu.

Kabokosi kamadya magetsi ochokera ku ma CT ake omwe. Kuteteza kamateteza, popeza shoti yokhayo imakapatsa mphamvu, koma katundu akachepa kwambiri kapena buleka ikakhala yotsegula, sikirini imathima. Muli kabatire kosungira nthawi ndi kuonetsa chifukwa chogwera, ndiye anyamata ankangodinadina kuti aone ngati malaiti abwera. Kabatire kanatha, wotchi inabwerera pa ziro, ndipo mbiri ya miyezi iwiri ilibe tsiku lolondola. Tinagula kasapulaya ka 24V DC kokhala ndi batire lakelake. Kanayenera kukhala mu kotesheni yoyamba, ndipo ndimadziimba mlandu ndekha kuti sindinafunse.

Jenereta nayo ili ndi khalidwe lina. Thiransifoma yathu pa shoti ingathe kutulutsa ma amp oposa 10,000. Jenereta imene mphamvu yake ndi 360A imakankha kwambiri kamphindi kochepa, kenako imatsika kufika mwina kuwirikiza katatu kokha, pafupifupi 1,000A, ndipo zina sizifika n'komwe pamenepo. Buleka imene inali pa jenereta inkafuna ma amp masauzande angapo kuti igwe nthawi yomweyo, kutanthauza kuti pa shoti ikanangoyang'ana mpaka itatenthedwa. Ndinazindikira zimenezi nditakhala pansi kuwerengera masetingi a kabokosi kaja, ndiye tinaikanso MCCB (buleka yocheperako ya m'chikombole) ya ilekitironiki ku jenereta n'kutsitsa S yake. Ndalama imeneyi sinali mu bajeti, ndipo abwana sanaseke.

Chachitatu ndiye chinandiopsa. Buleka yaikulu kale inkatha miyezi osakhudzidwa, koma nthawi ya kuthima tinkaitsegula ndi kuitseka tsiku lililonse, mwina kangapo. Mu Disembala, titazimitsa zonse, ndinalumikiza choyesera kuti kabokosi kalamule kugwa. Kanalamula, kakoilo kanamveka kuti tha, koma buleka inangoti duu, yotsekabe. Kachiwiri ndi pamene inagwa. Titaikokera panja tinapeza girizi wa pa latchi atasakanikirana ndi fumbi la gaga n'kuuma gwa ngati sopo wakale. Ubongo unali watsopano koma mafupa anali omwe aja. Tinatsuka, kupaka girizi woyenera, kuona makontaki ndi ma arc chute ozimitsira moto buleka ikamatseguka, kenako kuyesa kakhumi motsatizana, ulendo uliwonse n'kumagwa. Usiku umenewo sindinagone bwino poganiza kuti takhala masiku angati tikudalira chinthu chimene mwina sichikanatseguka. Trip unit siiwonjezera ma kA (masauzande a ma amp) amene buleka ingathe kudula, ndipo siichiritsa masipuling'i otopa. Buleka ikakhala kuti makontaki anadyeka kapena chikombole chinang'aluka, musaiveke kabokosi, gulani ina.

Pali kena kamene kanasokoneza anyamata a shifiti. Buleka ikagwa ndi L, munthu n'kuikweza nthawi yomweyo katundu ali yemweyo, imagwanso msanga kuposa poyamba. Ankati yawonongeka. Ayi, kabokosi kamakumbukira kuti mawaya sanazizire. Tsiku lina ndinapeza seting'i ya L ili pa 1.0, ndipo aliyense ndinamufunsa anati sakudziwa. Tsopano pa chivundikiro pali silu ya waya, ndipo masetingi onse ndinawalemba pa pepala n'kumata m'kati mwa chitseko, lina lili mu faelo ku ofesi.

Za kutentha ndilibe dandaulo. Okutobala yense inangogwira ntchito osagwa chisawawa ngakhale kamodzi, ngakhale kuti ndinaboola khoma n'kuika fani, chifukwa zida za ilekitironiki nazonso sizikonda kuphikidwa zaka ndi zaka. Ziphaliwali za dzinja sizinakakhudze, koma tili ndi ma surge arrester, zida zoteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi, pa panelo. Fumbi timapukuta Loweruka lililonse ndi kansalu kouma.

Chimene chikundidetsa nkhawa mpaka lero ndi sipeya. Timakapu ta mafuta ndinkatha kutikonza ndekha ndi sipanala ndi kansalu. Kabokosika kakafa, palibe chimene ndingachite kuno. Ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo n'kutheka kuti nakonso akaitanitsa kunja. Chaka chino cha 2025 chimanga chachita bwino, chigayo chikulira usana ndi usiku, ndiye kuima sabata imodzi kungatidyere ndalama zoposa mtengo wa kabokosi kachiwiri. Ndalemba kale kalata yopempha kuti tigule kena kokhala pa shelefu, pamodzi ndi kakoilo kake. Abwana anaiwerenga, anaipinda, n'kunena kuti tikambirana tikagulitsa mafuta a mwezi uno.