Kusungitsa tsiku pa intaneti n'kwabwino, vuto lili pakauntala

Njira yosungitsa tsiku pa intaneti pofuna chitupa cha boma ndinaiyesa pa foni ya mwana wanga, ndili kwathu ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndipo ndikuiyamikira. Umalemba dzina, n'kusankha tsiku, n'kulandira nambala. Palibe kudzuka tambala woyamba kukagwira bicha (mzere wodikirira), palibenso mnyamata wa pageti wokugulitsa malo.

Zinasintha nditafika ku ofesi ina mumzinda wa Tete, nditayenda pa chapa (minibasi) makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulónguè, likulu la Angónia. Pakauntala anangoti, "Sistema yagwa bambo, mubwere mawa." Ndisanatuluke n'komwe, munthu wina anandinong'oneza kuti ndikapereka ya refresco, kutanthauza chiphuphu, zanga zitheka lero lomwe. Ndinaona ndi maso anga ena akulowetsedwa, kompyuta yomweyo ikugwira ntchito. Ndinakana, ndipo ndinathandizidwa mawa lake nditagona kwa achibale ku Moatize. Koma mayi amene tinali naye pamzere, wochokera ku Tsangano ndi mwana kumbuyo, analibe kogona. Anamasula nsonga ya chitenje n'kupereka. Zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Kompyuta imalemba amene wabwera, nthawi imene wafika ndi ndalama imene walipira. Wozolowera kudya pa bicha sangaikonde, n'chifukwa chake imadwala pafupipafupi pamene pali osauka. Luso lilipo m'dziko muno. Ine ndimagulitsa mbatatesi n'kulandira ndalama pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola pakati pa munda, uthenga n'kubwera nthawi yomweyo. Nanga boma lingalephere bwanji?

Kwa akuluakulu a bomanso n'chimodzimodzi. Ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni zitaululika mu 2016, bungwe lobwereketsa ndalama kumayiko la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa chithandizo, ndalama yathu ya metikali n'kugwa mphamvu. Nduna yakale ya zachuma, Manuel Chang, inapezeka yolakwa pa nkhani ya ngongolezi kukhoti ku New York mu 2024. Ndalama zobwezera ngongolezo zikuchoka m'thumba lomwelo loyenera kugula makina ndi kukokera intaneti kumaboma akutali ngati Macanga ndi Chifunde, kuti anthu asamayende mitunda chifukwa cha pepala limodzi.

Njira yosungitsa tsikuyi igwiritseni ntchito. Sindikizani pepala la tsiku lanu, ndipo musapereke ndalama iliyonse popanda risiti. Chimene ndikupempha n'chakuti kulipira konse kuzichitika pa foni, ndipo chitupa chikatuluka, uthenga uzibwera kwa mwini wake osadzera m'manja mwa munthu.